Mpiru Wosukuluka

Mpiru wanga unasiya kuwawa chaka chimene mwana wanga Tinenenji ankaguluka mano akutsogolo.

Dimba langa linali kumunsi kwa mudzi, pamene kamtsinje kamakhota kawiri kasanalowe m'bango. Bambo ake a mwanayo anapita kukafuna ntchito iye ali ndi miyezi inayi ndipo sanabwerenso, choncho dimbalo ndilo linali mwamuna wa pakhomo. Linkatigulira mchere, sopo ndi makope a kusukulu. Mpiru wa m'menemo unkadziwika. Ukautafuna wauwisi unkakwera m'mphuno mpaka kutsinzina, ndipo amayi ophika m'malo odyera a pamsika ankaudikira ngakhale ena atafika kale ndi madengu awo.

Tsiku lina m'mawa mayi Nangozo, amene ankagula kwa ine zaka zonse, anathyola nsonga ya tsamba monga mwa chizolowezi chawo n'kuiika m'kamwa. Anatafuna nthawi yaitali akuyang'ana kumbali.

"Make Tine, mwasintha mbewu?"

"Ayi, ndi yomwe ija. Ndimasunga ndekha."

"Ndiye china chake chachokamo. Awa ndi madzi obiriwira basi."

Tsiku limenelo anagulabe, pondimvera chisoni. Sabata yotsatira ndinawaona ataweramira dengu la munthu wina, ndipo anandipatsa moni osandiyang'ana kumaso.

Ndinayamba kukhalitsa kudimba, kumangoyang'ana. Masamba akale a m'munsi anali obiriwira bwinobwino, koma ang'onoang'ono a pamtima ankatuluka otumbuluka, achikasu, ngati amera pansi pa mtsuko. Mlamu wanga anandipatsa mbale ziwiri za feteleza wa yureya. Masamba anakula msanga, aakulu ngati mbale zomwezo, koma osukulukabe, ndipo mbozi zimene kale zinkaulambalala mpiru wanga zinabwera n'kukhazikika.

"Dimba latopa," anatero mkulu wanga Esinati. "Pita kumapiri ukagwire ganyu chilimwe chimodzi, ulisiye lipume. Mwana ndimsunga ine. Pamene akudya anga atatu, wachinayi sangagone ndi njala."

"Chilimwe chimodzi chokha, achemwali."

"Chimodzi chokha."

Ndinathira njere za mpiru m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa n'kukamanga pangodya ya chitenje. Tinenenji anandiperekeza mpaka pamlatho wa mitengo, akuseweretsa lilime pamene panachoka mano. Sanalire. Anangofunsa ngati kumapiri kuli mabasi, ndipo ndinamuuza kuti ndidzamuuza ndikabwera.

Misewu yonse ya zaka zimenezo ndimaikumbukira ngati msewu umodzi wofiira, wokhala ndi mtengo wa mango pamphambano ndiponso mayi wogulitsa nzimbe amene nkhope yake inkasintha koma mpeni wake unali womwewo. Sindingathe kunena kuti ndinayenda masiku angati. Ndinangozindikira kuti kwayamba kuzizira ndipo mphepo ikununkha anyezi.

Mudzi wa kumapiriwo unali wa anthu a maso ofiira chifukwa cha anyezi. Ndinalembedwa ganyu kwa bambo Bauleni, mkulu wamtali wolankhula pang'onopang'ono, amene anali ndi ng'ombe zisanu ndi imodzi ndi munda wa anyezi wotsetsereka mpaka kuchigwa. Anandiphunzitsa kupinda makosi a anyezi akakhwima, kumuzula dothi litauma, ndi kumuyanika pamthunzi pamene mphepo imadutsa. Akandiona ndikuponya anyezi m'dengu ankandigwira dzanja.

"Muikeni, mayi, musamuponye. Anyezi wosavulala saliritsa munthu. Ukali wake umagona m'kati, ndipo umadzuka pokhapokha mwamucheka kapena mwamutunduza. Akadzuka ali m'thumba, amawola ndi anzake omwe."

Ndinawapempha kamzere kamodzi m'mphepete mwa munda, pafupi ndi khola, ndipo ndinafesapo njere zanga. Masamba atakwana anayi ndinathyola limodzi n'kuwapatsa. Anatafuna, n'kutsinzina, n'kupukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja.

"Uwu ndiye mpiru," anatero.

Ndinakhala pansi pomwepo. Ndiye kuti mbewu yanga inalibe vuto. Chimene chinachoka chinachoka m'dothi, ndipo kuno chinalipo. Ndinafunsa bambo Bauleni kuti chinthucho n'chiyani. Anati mwina ndi ndowe, mwina ndi mphepo ya kuphiri, iwo sadziwa. Ndinaganiza zokhalako chilimwe china kuti ndione bwino. Ndinagulira Tinenenji diresi ya buluu n'kupatsira dalaivala wa lole ya anyezi amene ankadutsa kwathu. Atabwerako anandiuza kuti uthenga ndi wakuti zikomo, koma diresi yachepa, yavala mwana wa aneba.

Chilimwe chachiwiricho kunagwa matenda a ng'ombe. Zinkagona pansi imodzi imodzi, ndipo khola linatsala ndi zikhomo zokha. Tinalimabe. Chaka chotsatira anyezi anakula ndithu, koma amayi ankamudula akucheza, maso ali gwa, osatuluka msozi. Ogula anayamba kupitirira. Ndinathyola tsamba la mpiru pakamzere kanga n'kuwapatsa bambo Bauleni. Anatafuna nthawi yaitali akuyang'ana kumene kunali khola.

"Madzi," anatero. "Pepani, mayi. Ganyu kuno watha."

Ndikadabwerera kwathu nthawi imeneyo. Ndinafika pamphambano paja, pa mtengo wa mango, n'kuima. Koma ndikanakawauza chiyani? Kwathu kunalibe ng'ombe ndi imodzi yomwe, ndipo dzina la chinthu chimene ndinkafuna sindinkalidziwa. Ndinatenga njira ya kumanzere.

Inandifikitsa kuchidikha chachikulu kumene ankalima mtedza. Kumeneko thambo linkakhala lotuwa miyezi itatu, chifukwa akangokolola ankatentha mapesi ndi masangwi onse kuti asake mbewa ndi kuyeretsa minda. Utsi unkakwera tsiku lonse, phulusa n'kumagwera m'madzi akumwa. Ndinaphunzira kusenda mtedza ndi zala ziwiri osayang'ana, ndi kudziwa chikhokhombe chopanda kanthu pongochigwedeza pakhutu. Tinkakhala amayi khumi pansi pa chisakasa, osalankhulana kwenikweni, kumangomveka the, the, the. Ndinafesanso njere zanga kuseri kwa chisakasacho. Mayi amene ankakhala pambali panga analawa tsamba, n'kulavula mwaulemu m'dzanja lake.

Kumeneko ndinagulira Tinenenji nsapato zapulasitiki, zazikulupo kuposa mmene ndinkaganizira, n'kupatsira wogula mtedza wina wodutsa kwathu. Patapita miyezi anandipeza. Anati anakafika, anapereka, ndipo mtsikanayo anaziyesa pamaso pake koma chidendene chinatsala kunja.

"Mtsikana?" ndinafunsa.

"Eya, mtsikana wamtali ndithu. Anali akuchokera kuchigayo ndi thumba pamutu."

Sindinatumizenso kanthu. Nthawi zina ndinkaima pa kaunjika, n'kunyamula bulauzi, n'kuitambasula m'mwamba, koma sindinkadziwa mapewa oti ndiiyezere.

Kenaka ndinapezeka m'tauni. Sindikumbuka amene anandiuza za ntchitoyo. Ndimangokumbuka geti lobiriwira, mizere ya mitengo ya bulugamu, ndi nyumba yaitali yoyera mmene anthu ovala makhoti oyera ankayeza dothi ndi masamba. Ntchito yanga inali yotsuka mabotolo. Ankabwera mazanamazana, ang'onoang'ono, ndipo lililonse linkafunika kutsukuluzidwa katatu. Mkulu wa chipindacho anali mayi Kachingwe, mayi wamfupi wovala magalasi, amene ankadya chinangwa chophika ataimirira kuti asataye nthawi.

Ndinafesa njere m'zitini zitatu kuseri kwa nyumbayo, pafupi ndi mpopi. Tsiku lina masana ndinawapeza mayi Kachingwe atanyonyomala pamenepo.

"Mpiru uwu ndi wa ndani?"

"Ndi wanga, madamu. Ndichotsa."

"Musachotse. Mwaona kuti masamba a pamtima ndi achikasu koma akale ali bwino?"

"Ndakhala ndikuona zimenezo zaka zambiri, madamu."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Kenaka anathyola tsamba limodzi n'kundiuza kuti ndiwatsate. Anasenda kakhungu kopyapyala, n'kukaika pagalasi pansi pa makina oonera tinthu tating'onoting'ono, n'kundiuza kuti nditsinzine diso limodzi. Poyamba ndinangoona kuwala. Kenaka ndinaona tizipinda, tambirimbiri, togundana ngati nyumba za m'tauni.

"Timeneto timati maselo," anatero. "Tsamba lonse lamangidwa ndi timeneto. Pakati pa kalikonse pali kathumba ka madzi, ndiyo nkhokwe yake. Chimene mpiru wanu ukusowa ndi mchere wina wa m'dothi wotchedwa salufa. Mizu imamumwa pamodzi ndi madzi, amakwera m'timitsempha mpaka m'masamba. Wina amagwira ntchito pomwepo pomanga thupi la mbewu. Wotsala amatsekeredwa m'nkhokwemo."

Salufa. Ndinalitchula dzinalo chamumtima kangapo kuti lisandithawe.

"Nanga kuwawa kumachokera kuti, madamu?"

"Mpiru umatenga salufa yemweyo n'kupanga mankhwala odzitetezera. Koma umawasunga paokha, ndipo chowadzutsa chimakhala kwina. Mbozi ikaluma, kapena inu mukatafuna, makoma a tizipinda amasweka, ziwirizo zimakumana, ndiye kuwawa kuja. Anyezi amachita chimodzimodzi. Popanda salufa palibe chopangira."

Ndinawauza za yureya wa mlamu wanga, za khola la bambo Bauleni, ndi za utsi wa kuchidikha. Ankangogwedeza mutu. Anati yureya alibe salufa, amangokakamiza mbewu kukula pamene chomangira china palibe. Anati ndowe zimabwezera pang'ono, ndipo moto umamuuluzira kumwamba.

"Ndipo inuyo, amayi, dengu lililonse limene munkapita nalo kumsika, munkasenza salufa wa dimba lanu. Zaka zonsezo ankangotuluka, osabwerera."

"Nanga bwanji masamba aang'ono ndi amene amayamba kuvutika?"

"Chifukwa salufa akalowa m'nkhokwe za masamba akale satuluka msanga. Dothi likasowa, akalewo amakhalabe obiriwira ndi zimene anasunga, atsopano amapeza palibe kanthu. Zimadzayenda ndithu, makamaka mbewu ikayamba kuika njere. Koma zimayenda mochedwa."

"Mochedwa bwanji?"

"Nthawi zambiri tsamba laling'onolo limakhala litapinimbira kale."

Ndinathokoza n'kubwerera kotsukira mabotolo. Madzi ankangotuluka pampopi, ine nditagwira botolo limodzi, mpaka mnzanga wosesa anabwera kudzatseka.

Mawa lake mayi Kachingwe anandipatsa ufa woyera m'kapepala. Anati ndi mwala wopera wotchedwa jipisamu, ndipo muli salufa. Ndinawaza pang'ono m'chitini chimodzi, ziwirizo n'kuzisiya. Patatha masabata atatu, pamtima pa mpiru wa m'chitinicho panatuluka tsamba lobiriwira kwambiri. Ndinalitafuna ndekha, nditatembenukira kukhoma. Linakwera m'mphuno ngati kale.

Ndinaganiza zodikira kuti mwezi uthe ndisanabwerere kwathu, kenaka kuti mvula ithe. Chilungamo chake n'chakuti ndinkaopa. Ndinali ndisanathe kulimba mtima pamene ntchito ya m'nyumba yoyerayo inatha. Anthu a makhoti oyera analongedza mabuku awo m'makatoni, ndipo mabotolo onse amene ndinatsuka anatsekeredwa m'kabati. Tsiku lomaliza mayi Kachingwe anandiitanira kunkhokwe n'kundionetsa thumba la jipisamu lotsala theka.

"Tengani ili. Likwana dimba lanu zaka zingapo. Musalinyowetse. Ndipo pitani kwanu, amayi."

"Ndipita, madamu."

Ndinanyamukadi. Thumba pamutu, kabotolo pachitenje. Koma mvula ya chaka chimenecho inakokolola mlatho wa pamsewu waukulu, ndipo basi inatitsitsa pamalo ena kuti tizungulire wapansi. Tsiku lachiwiri miyendo inayamba kutupa. Lachitatu ndinagwa pafupi ndi mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri, pamene madzi otentha amatumphuka pansi.

Ananditola ndi mayi Dolofe, mayi wamasiye amene ankachapira anthu zovala pa madzi otenthawo. Anandigoneka m'nyumba mwake, thumba langa n'kuliika pamiyala kuti lisakhudze pansi. Sanandifunse kumene ndinkachokera. Ndinadwala nthawi yaitali, ndipo masiku ake anasakanikirana. Ndimakumbuka nthunzi ikulowa pazenera m'mawa uliwonse, ndi fungo la mazira owola limene linali m'zovala, m'madzi, ngakhale m'tsitsi la ana.

Nditayamba kuyenda ndinkamuthandiza kuchapa. Anandiphunzitsa kudziwa dziwe loyenera bulangeti ndi loyenera malaya oyera, ndi kuvuula chovala ndi ndodo kuti manja asapse. M'mphepete mwa maiwewo munali timiyala tachikasu.

"Fungo limeneli n'lachiyani?" ndinamufunsa tsiku lina.

"Aphunzitsi ena anabwera ndi ana a sukulu, anati ndi salufa. Ife tinazolowera. Alendo ndi amene amatseka mphuno."

Ndinaima ndi ndodo m'manja, kuyang'ana nthunzi ikukwera. Chinthu chimene ndinachisaka zaka zonsezo chinali kutuluka pansi chokha, usana wonse, n'kumapita kumwamba popanda wochitola. Pafupi ndi madziwo panalibe chomera ngakhale udzu.

Ndinakhala kwa mayi Dolofe mvula ziwiri, kapena zitatu. Tsiku lina iye mwini anatsitsa thumba lija pamiyala n'kuliika pakhomo.

"Miyendo yanu yachira kalekale, anzanga. Sikuti ndikukuthamangitsani. Koma thumba ili si lapano."

Ndinafika kwathu dzuwa lili paliwombo. Mlatho wa mitengo unali utasanduka wa simenti. Nyumba zambiri zinali za njerwa zowotcha ndi malata, ndipo ana amene ankasewera panjira anandipatsa moni wopatsa mlendo. Ndinafunsa njira ya kwa Esinati, anandilozera.

Ndinamupeza atakhala pakhonde la nyumba yatsopano, akusankha nyemba. Tsitsi lake linali loyera lonse. Anandiyang'ana nthawi yaitali, lichero lili pamiyendo.

"Wabwera," anatero.

"Ndabwera, achemwali."

"Khala pansi. Tula katunduyo."

Sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanatero. Anaitana m'nyumba, ndipo munatuluka mayi wamtali, mwana kumsana, manja ali ndi ufa. Anali ndi chipumi cha bambo ake. Anayang'ana Esinati kaye.

"Amayi, mwandiitana?"

"Eya. Alendo awa ukuwadziwa. Apatse moni."

Tinenenji anapukuta manja pachitenje, anagwada patali pang'ono, n'kundipatsa dzanja atagwira chigongono.

"Muli bwanji, mayi aang'ono? Mwayenda bwanji?"

Ndinayankha kuti ndayenda bwino. Anandibweretsera madzi m'kapu yagalasi, ya alendo. Mwamuna wake, munthu waulemu wotchedwa Faliyoti, anabwera kudzandilonjera, n'kunyamula thumba langa kukaliimika kukhoma kuti mbuzi zisalibowole.

Nditapuma ndinati ndikufuna kukaona dimba. Esinati ndi Tinenenji anayang'anana.

"Ndikuperekezani," anatero Tinenenji.

Tinatsika njira ija, iye patsogolo, ine pambuyo. Ndili m'njira ndinayamba kumufotokozera. Ndinamuuza za tizipinda ta m'tsamba, za nkhokwe zake, za salufa amene amakwera ndi madzi, ndi kuti m'thumba lija muli mankhwala a dimba lathu. Ndinkalankhula mofulumira, ngati mwana wobwereza phunziro. Iye ankangoti, "Eya," ndi "Kodi," akukonza mwana kumsana.

Kamtsinje kanali kakukhotabe kawiri. Koma pamene panali dimba panali dzenje lalikulu, lakuya kupitirira msinkhu wa munthu, pansi pake pali madzi obiriwira ndi achule. M'mbali mwake munkaoneka mabala a makasu. Chapatali panali mulu wa zidutswa za njerwa ndi phulusa la uvuni.

"Linakhala zaka zambiri osalimidwa," anatero Tinenenji. "Titafuna kumanga, amayi anati tiumbe pomwepa, poti ndi pathu. Dothi lake linali labwino. Njerwa sizinasweke zambiri." Analoza kumapazi anga. "Musayandikire kwambiri, m'mphepetemo mumagumuka."

Ndinayang'ana pansi pa dzenjelo kufuna dothi lakuda, ngakhale lodzaza dzanja. Munali dongo lotuwa lokhalokha ndi miyala.

Tinabwerera kunyumba. Pofika pakhomo ndinaona nyumbayo bwinobwino, makoma ake ofiira, owongoka, mazenera awiri ndi chitseko chabuluu. Inali nyumba yabwino. Mvula sikanalowamo. Ndinakhala pakhonde n'kutsamira khoma, ndipo linali lofunda ndi dzuwa.

Tinenenji analowa m'nyumba, n'kutulukanso ndi mphasa yatsopano. Anagwada pambali panga, mwana akumukoka ndolo, n'kufunsa ndi mawu ofatsa, opanda mkwiyo ngakhale pang'ono.

"Mugona masiku angati, mayi aang'ono? Ndifuna ndidziwe pokonza kuchipinda."

Ndinayang'ana Esinati. Esinati anali akusankha nyemba, maso ali m'lichero.

"Awiri," ndinatero.